Mmene Mafangasi Amaitanirana Popanda Pakamwa ndi Makutu



Mayi akakanda ufa wa mandazi, n'kuthiramo yisiti, n'kuuvindikira pamalo ofunda, pakapita ola limodzi amaupeza utafufuma. Ambiri timaona yisiti ngati mnzake wa soda. Komatu soda ndi mankhwala opanda moyo, pomwe yisiti ndi chamoyo: imadya shuga, imatulutsa mpweya umene umafufumitsa ufawo, ndiponso imaberekana. Yisiti ili m'gulu limodzi ndi bowa amene timazula m'dzinja, nkhungu yomera pa buledi wogonetsa, ndi chuku chimene chimaononga mtedza wosauma bwino. Gulu lonseli limatchedwa mafangasi.

Mafangasi alibe maso, makutu, pakamwa kapena ubongo, ndipo ambiri sayenda. Chikhalirecho ochuluka mwa iwo amafika pa nthawi imene amafunika mnzawo woti aphatikizane naye kuti pabadwe mbewu yatsopano. Nanga mnzawoyo amamupeza bwanji, ndipo amadziwa bwanji kuti ndi woyenera? Yankho lake ndi lakuti amatumizirana uthenga wa makemikolo. Phunziro lino likufotokoza mmene uthengawo umayendera, komanso chifukwa chake nkhaniyi imakhudza munda wa chimanga ndi odwala m'zipatala zathu.

Njira ziwiri zoberekerana

Selo imodzi ya yisiti ndi yaing'ono kwambiri moti maselo pafupifupi 200 ondandalikidwa amangokwana milimita imodzi. Chakudya chikakhalapo, selo imaphuka kamphukira m'mbali mwake, kamphukirako kamakula n'kuthothoka, ndipo pasanathe maola awiri selo imodzi yasanduka awiri. Apa sipafunika mnzake, ndipo mwana amafanana ndendende ndi kholo lake. Umu ndi mmene yisiti imachulukira mu ufa wa mandazi.

Njira yachiwiri ndi yophatikizana. Maselo awiri amalumikizana n'kukhala selo imodzi yokhala ndi malangizo a makolo onse awiri. Malangizo amenewa m'sayansi amatchedwa majini. Ophunzira musasokonezeke: mawuwa ndi ofanana m'kamvekedwe ndi majini amene timaphunzira ku madrasa, koma pano akutanthauza timalangizo tolembedwa mu DNA, timene mwana amatengera kwa makolo ake. Ubwino wa kuphatikizana ndi woti majini amasakanikirana, choncho ana amasiyanasiyana. Nyengo ikasintha kapena chakudya chikasowa, ena mwa anawo amapirira pamene ena akufa.

Palibe yaimuna kapena yaikazi

Yisiti yophikira, imene dzina lake la sayansi ndi Saccharomyces cerevisiae, ilibe yaimuna ndi yaikazi. Mukaika maselo ake pa maikulosikopu onse amaoneka chimodzimodzi. Koma mu 1943 Carl Lindegren ndi mkazi wake Gertrude, ofufuza a ku America, anaonetsa kuti maselowa ali m'mitundu iwiri, imene masiku ano imatchedwa a ndi alpha. Selo ya a imaphatikizana ndi ya alpha yokha. Ya a ndi ya a sizitheka, ya alpha ndi ya alpha sizithekanso.

Kusiyana kwawo kuli pa uthenga umene amatumiza ndi umene amatha kumva. Selo ya alpha imatulutsa kapuloteni kakafupi kopangidwa ndi ma amino acid 13, kotchedwa alpha-factor. Selo ya a imatulutsa kena ka ma amino acid 12 kokhala ndi kamchira ka mafuta, kotchedwa a-factor. Kemikolo imene chamoyo chimatulutsa pofuna kusintha khalidwe la chinzake cha mtundu womwewo imatchedwa pheromone. Mawuwa anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1959 pofotokoza fungo limene tizilombo touluka timaitanirana nalo.

Pakhungu la selo iliyonse pali puloteni yolandirira uthenga, imene imagwira ntchito ngati loko amene amatseguka ndi kiyi mmodzi yekha. Selo ya a ili ndi cholandirira chotchedwa Ste2, chimene chimagwira alpha-factor. Selo ya alpha ili ndi Ste3, chimene chimagwira a-factor. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: selo ilibe cholandirira cha uthenga wake womwe. Imatumiza zimene iyo singamve, ndipo imamva zokhazo zochokera kwa mtundu winawo. N'chifukwa chake selo singadziitane yokha, ndiponso singavutike ndi phokoso la anzake a mtundu wake.

Uthenga ukafika

Kiyi akalowa mu loko, uthenga umapatsiranidwa mkati mwa selo kuchoka pa puloteni ina kupita pa ina, ngati mmene ana amapatsirana ndowa pamzere pothirira dimba. Puloteni iliyonse imadzutsa yotsatira mpaka uthenga utafika pakati pa selo pamene pali majini. Zikatero pamachitika zinthu zitatu.

Choyamba, selo imasiya kuphuka. Imaima pa gawo la moyo wake lotchedwa G1, isanayambe kukopera DNA yake. Izi n'zofunika chifukwa maselo awiriwo ayenera kukumana aliyense ali ndi makromosomu 16 okha. Wina akanabwera ali pakati pokopera, mwana akanakhala ndi chiwerengero cholakwika.

Chachiwiri, selo imayamba kupanga mapuloteni omata pakhungu lake, kuti ikakhudzana ndi mnzake zisalekanenso, ndipo imawonjezera uthenga umene ikutumiza.

Chachitatu, selo imakula molunjika kumene uthenga ukuchokera. Popeza siyenda, imatulutsa kamphuno mbali imene kemikolo ija yachuluka. Imatha kusiyanitsa kuchuluka kwa uthenga pakati pa mbali ziwiri za thupi lake, ngakhale thupilo ndi laling'ono chotero. Selo yotulutsa kamphuno imaoneka ngati peyala, ndipo ofufuza anaitcha shmoo, potengera kanyama ka m'zithunzi zoseketsa kamene Al Capp anayamba kujambula m'nyuzipepala za ku America mu 1948.

Timphuno tiwiri tikakumana, khoma la pakati limasungunuka pamalo okhudzanawo, maselo amalumikizana, ndipo pamabadwa selo imodzi ya makromosomu 32. Selo yatsopanoyi situmiza uthenga uliwonse ndiponso ilibe cholandirira chilichonse. Imangophuka monga mwa nthawi zonse. Chakudya chikatha, imagawa makromosomu ake n'kupanga timbewu tinayi m'kathumba kolimba, tiwiri ta a ndi tiwiri ta alpha, timene timadikira nyengo yabwino.

Kusankha ndi kufufuta

Selo imodzi imatha kuzunguliridwa ndi maselo angapo a mtundu winawo. Imasankha uti? Mu 1990 Leland Hartwell ndi Catherine Jackson a ku University of Washington anaonetsa kuti imasankha amene akutulutsa uthenga wochuluka kuposa onse. Anaonanso kuti akathira pheromone yambiri m'mbale mpaka mbali zonse kufanana, selo imalephera kusankha ndipo imangophatikizana ndi aliyense amene yakhudzana naye. Uthenga ukachuluka mopyola muyeso sulozanso njira.

Yisiti ili ndi njira yothanirana ndi vutoli. Selo ya a imatulutsa puloteni yotchedwa Bar1, imene ntchito yake ndi kuduladula alpha-factor, uthenga womwewo umene seloyo ikufuna kumva. Poyamba zimaoneka ngati kudziononga, koma taganizirani msika wa pa Lachiweru. Aliyense akamakuwa, simungadziwe kumene mawu a mnzanu akuchokera. Phokoso lakutali likachepa, mawu a amene ali pafupi amamveka bwino. Bar1 imafufuta uthenga wakale ndi wakutali kuti wotsala ukhale wa selo yoyandikana nayo. Imathandizanso kuti selo imene yalephera kupeza mnzake isaime mpaka kalekale, koma iyambenso kuphuka.

Kafukufuku wa momwe alpha-factor imaimitsira selo anathandiza Hartwell kumvetsa malamulo a kugawikana kwa maselo onse, kuphatikizapo a munthu. Mu 2001 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Nurse ndi Tim Hunt. Malamulo amenewa ndi omwe amasokonekera pa matenda a khansa. Komanso zolandirira Ste2 ndi Ste3 zili m'banja limodzi ndi zolandirira za m'mphuno mwathu zimene timamvera fungo, ndi za m'maso zimene zimagwira kuwala.

Nkhungu ya pa buledi: aliyense ali ndi theka

Nkhungu yoyera ya timadontho takuda imene imamera pa buledi imakula ngati timaulusi. Mu 1904 Albert Blakeslee, ali ku Harvard, anaona kuti nkhungu za gulu limeneli zikamera zokha sizipanga mbewu yophatikizana, koma ziwiri zoyenerana zikamera m'mbale imodzi, pamalire pawo pamaoneka mzere wa timibulu takuda. Posowa chozisiyanitsira, anazitcha plus ndi minus. Mu 1924 Hans Burgeff wa ku Germany anaika kachikopa kopyapyala pakati pa mitundu iwiriyi kuti isakhudzane. Mbali zonse ziwiri zinayambabe kutulutsa timaulusi tophatikizirana. Uwu unali umboni woyamba woti pali kemikolo imene imawoloka kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake.

Kemikoloyo inadziwika m'zaka za m'ma 1960 ndipo imatchedwa trisporic acid. Imapangidwa kuchokera ku beta-carotene, chinthu chomwecho chimene chimapatsa karoti ndi mbatata yofiira mkati mtundu wake. Chochititsa chidwi n'chakuti palibe mtundu umene umatha kuipanga bwino pawokha. Plus imayamba ntchitoyo n'kulekeza panjira, ndipo chimene yapangacho chimamalizidwa ndi minus. Nayonso minus imapanga chake chosatha chimene plus ndiyo imachimaliza. Choncho nkhungu ikapeza trisporic acid m'thupi mwake, ndiye kuti mnzake woyenera ali pafupi ndithu. Zikatero mbali zonse zimatulutsa timaulusi timene timakula molunjikana, ngakhale kudutsa mumpweya, mpaka kukumana n'kupanga kambulu kakuda ka khungu lolimba.

Trisporic acid imachititsanso kuti nkhungu ipange beta-carotene wochuluka. N'chifukwa chake mafakitale opanga beta-carotene wothira m'zakudya amalera plus ndi minus za nkhungu yotchedwa Blakeslea trispora m'thanki imodzi. Dzina la nkhunguyi ndi lokumbukira Blakeslee yemwe uja.

Osambira m'madzi

Pali mafangasi ochepa a m'madzi ndi m'dothi lonyowa amene maselo awo oberekera amasambira ndi kamchira. Pa mtundu wotchedwa Allomyces, selo yaikazi ndi yokulirapo ndi yopanda mtundu, pomwe yaimuna ndi yaing'ono, yofiirira ndi yaliwiro. Mu 1958 Leonard Machlis wa ku University of California ku Berkeley anaonetsa kuti yaikazi imatulutsa kemikolo imene yaimuna imalondola posambira, ndipo anaitcha sirenin. Yaimunayo imafufuta sirenin imene yaifikira, mofanana ndi zimene Bar1 imachita mu yisiti. Zamoyo ziwirizi n'zotalikirana kwambiri pa chibale, koma vuto lawo ndi limodzi ndipo yankho ndi lofanana.

Bowa wa mitundu yoposa 23,000

Bowa amene timazula, kaya utale kaya ndelema, ndi chipatso chabe. Thupi lenileni ndi timaulusi tofalikira m'dothi, m'chulu kapena mumtengo wowola. Pa bowa ambiri, kambewu kamodzi kakamera sikangabereke bowa mpaka ulusi wake utalumikizana ndi ulusi wa kambewu kena koyenerana nako.

Pa zipika zowola pamamera kabowa kotuwa kooneka ngati chikupiziro, kotchedwa Schizophyllum commune, kamene kamapezeka pafupifupi dziko lonse lapansi. John Raper wa ku Harvard ndi anzake anakafufuza kwa zaka zambiri. Kabowaka kalibe mitundu iwiri ngati yisiti, koma yoposa 23,000. Chifukwa chake n'chakuti mtundu umadziwika ndi malo awiri a majini, otchedwa A ndi B, ndipo malo alionse ali ndi mitundumitundu. Malo a B ndi amene amasunga malangizo a ma pheromone angapo ndi zolandirira zake. Lamulo ndi lomwe lija la yisiti: cholandirira sichimva uthenga wa mwini wake. Kuti awiri ayenerane, ayenera kusiyana pa A komanso pa B.

Zotsatira zake ophunzira a masamu angaziwerengere. Ana a bowa mmodzi amagawika m'mitundu inayi, ndipo mwana aliyense amayenerana ndi mtundu umodzi wokha mwa inayiyo, kutanthauza 25 pa 100 alionse a abale ake. Koma akakumana ndi mlendo wochokera kutali, pafupifupi nthawi zonse amayenerana. Dongosololi limachepetsa kuphatikizana kwa pachibale, n'kutsegula khomo kwa alendo.

M'munda wa chimanga

Alimi ambiri anaonapo chisononkho cha chimanga chimene njere zake zatupa n'kukhala zotuwa, ndipo zikaphulika mumatuluka ufa wakuda. Matendawa amayamba ndi fangasi yotchedwa Ustilago maydis. Ikakhala yokha imaphuka ngati yisiti ndipo singalowe m'chimanga. Koma maselo awiri oyenerana akagwera pa chomera chimodzi, amamvana ndi ma pheromone, amatulutsa timachubu tolunjikana, amalumikizana, ndipo ulusi wobadwapo ndi umene umaboola khungu la chimanga. Popanda uthengawo palibe matenda. Ufa wakuda uja ndi timbewu timene timatha kukhala m'dothi kudikira dzinja lina. N'chifukwa chake ndi bwino kuchotsa zotupazo zisanaphulike, kuzikwirira kutali ndi munda, ndi kuchita kasinthasintha wa mbewu. Ku Mexico zotupa zanthete zimadyedwa ngati ndiwo ndipo amazitcha huitlacoche.

Fangasi ina yotchedwa Fusarium oxysporum imafotetsa tomato polowera kumizu. Mu 2015 gulu la Antonio Di Pietro ku Córdoba m'dziko la Spain linapeza kuti fangasiyi imalondola mizu ya tomato pogwiritsa ntchito cholandirira chake cha Ste2. Chida chomvera mnzake yachisandutsa chosakira chakudya.

Chuku cha mtedza ndi chimanga, Aspergillus flavus, chimene chimapanga poizoni woononga chiwindi wotchedwa aflatoxin, kwa nthawi yaitali ankachiyesa chosaphatikizana. Mu 2009 ofufuza a ku America anaonetsa kuti nachonso chili ndi mitundu iwiri ndipo chimaphatikizana. Izi zikutanthauza kuti majini opangira poizoni amatha kusakanikirana n'kubala mitundu yatsopano ya chuku.

M'chipatala

Cryptococcus neoformans ndi yisiti imene imalowa m'thupi popuma ndipo imatupitsa zikopa zokuta ubongo, makamaka mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV. Matendawa ndi ofala kwambiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo kuno ku Malawi. Mu 1975 June Kwon-Chung wa ku National Institutes of Health ku America anaonetsa kuti nayonso imaphatikizana, ndipo mitundu yake ndi a ndi alpha. Timbewu tobadwa pa kuphatikizanako ndi tating'ono moti timafika mkati mwa mapapo. Pafupifupi kulikonse padziko, yopezeka mwa odwala imakhala ya alpha, koma ku Botswana ofufuza anapeza ya a yochulukirapo, ndiponso anapeza fangasiyi ikukhala m'mitengo ya tsanya. Munthu amene ali ndi HIV akamamva mutu wosasiya kwa masiku angapo, kuuma khosi kapena kusokonezeka maganizo, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chidziwitsochi chayambanso kusanduka chida. Mu 2017 gulu la Virginia Cornish ku Columbia University mumzinda wa New York linatenga yisiti yophikira, n'kuchotsa cholandirira chake, n'kuikamo cha fangasi yoyambitsa matenda. Linasinthanso majini ake kuti uthenga ukafika, yisitiyo ipange lycopene, chimene chimafiiritsa tomato. Yisiti youmitsidwa pakapepala inkafiira ikakumana ndi pheromone ya fangasi yoopsayo. Cholinga chawo n'kupanga choyezera chotsika mtengo chosafuna magetsi kapena firiji.

Zoyesa kunyumba

Thirani madzi ofunda m'mabotolo awiri. M'botolo loyamba ikani yisiti ndi masupuni awiri a shuga, m'lachiwiri yisiti yokha. Vekani baluni pakamwa pa botolo lililonse, n'kuyang'ana pakapita ola. Lembani zimene mwaona ndi chifukwa chake.

Ikani kachidutswa ka buledi konyowetsa pang'ono m'pulasitiki woonekera mkati, mumange kukamwa, muike pamalo amdima. Tsiku ndi tsiku jambulani m'kope mmene nkhungu ikufalikira. Musamasule pulasitikiyo kapena kununkhiza, ndipo pomaliza muikwirire yomanga. Makolo tikupempha kuti muyang'anire ana aang'ono asaigwire.

Mafunso obwereza

1. Tchulani uthenga umene selo ya a imatumiza ndi umene imamva. N'chifukwa chiyani n'kofunika kuti ziwirizi zikhale zosiyana?

2. Fotokozani zinthu zitatu zimene selo ya yisiti imachita uthenga ukaifika.

3. Selo ya a itasiya kupanga Bar1, ingakumane ndi mavuto otani ikakhala pakati pa maselo ambiri a alpha?

4. Kodi kachikopa kamene Burgeff anaika pakati pa plus ndi minus kanatsimikizira chiyani?

5. Makolo a bowa ali ndi A1B1 ndi A2B2. Lembani mitundu inayi ya ana awo, n'kusonyeza imene ingayenerane.

6. Patapezeka mankhwala otseka cholandirira cha Ustilago maydis popanda kupha fangasiyo, kodi chimanga chingadwalebe? Perekani chifukwa.

Mayankho mulembe m'kope, ndipo funso lachisanu mukambirane ndi aphunzitsi anu a sayansi ya zamoyo.